Kapepala kakuda ka amalume ndi mtengo wa mango wochita imvi

Amayi anandiimbira foni usiku wina mu Disembala, ndipo moni sanatalikitse. "Mango uja tikudula," anatero. Ndinakhala kaye chete. Mtengo umene ankanenawo ndi umene agogo aamuna anadzala kuseri kwa nyumba kwathu ku Thyolo, amayiwo asanabadwe. Tonse tinakulira pansi pake. Koma mizu yake yang'amba khoma la chipinda chogona, ndipo mphepo ya mvula yoyamba inagwetsera nthambi ina pa malata. Abale anakhala pansi n'kumvana kuti mango akangotha, nkhwangwa ilowe.

"Iwe umayendayenda ndi kamera, ubwere udzaujambule," anapitiriza amayi. "Tizidzauonera pakhoma."

Zithunzi za mtengowo zilimo zambiri m'foni mwanga, koma zonse n'zofanana: masamba obiriwira, thambo, wina atatsamira thunthu akudya mango. Ine ndinkafuna chithunzi choti mlendo akalowa pabalaza aziyamba waima n'kufunsa kuti kodi ichi n'chiyani. Apa m'pamene ndinakumbukira envelopu ya amalume.

Amalume anali ndi situdiyo ku Limbe m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, nthawi imene munthu unkabwereka jekete kukajambulitsa n'kudikira sabata kuti uone nkhope yako. Situdiyo inatha mafoni atachuluka, koma katundu wake akadali m'thiranki. M'menemo muli envelopu ya Kodak yolembedwa Wratten 87, ndipo mkati mwake muli kapepala kakuda bii, mamilimita 75 mbali zonse, kopyapyala ngati khoko la anyezi. Anakagula pamodzi ndi katundu wina kwa mzungu amene ankabwerera kwawo, koma filimu yake sanaipezepo, choncho kanangokhala. Kapepalako ndi fyuluta ya jelatini yojambulira infrared. Nkhani yathu mwezi uno ili pa kameneko: kamagwira bwanji ntchito, timakamangirira bwanji pa kamera kapena pa foni, komanso mmene ndinatsala pang'ono kukawononga tsiku loyamba lomwe.

Kuwala kumene maso saona

Mukayang'ana utawaleza, mbali ina umathera pa mtundu wa pepo, mbali inayo pa kufiira. Akatswiri amayeza mafunde a kuwala mu nanomita, ndipo maso athu amaona kuyambira cha m'ma 400 kulekezera cha m'ma 700. Kudutsa pa kufiirapo kuwala kumapitirira ndithu, kungoti maso athu alekera pomwepo. Kumeneko ndiye infrared. Anakutulukira ndi William Herschel ku England mu 1800. Iye anamwaza kuwala kwa dzuwa ndi galasi lotchedwa prism n'kumayeza kutentha kwa mtundu uliwonse, ndipo choyezera chimene anachiika kunja kwa kufiira, pamalo pamene sipankaoneka kanthu, n'chimene chinakwera kwambiri.

Mu 1910 Robert W. Wood wa ku America anafalitsa zithunzi zojambulidwa ndi kuwala kumeneku. Mitengo ndi udzu zinatuluka zoyera mbee, thambo lili bii. Mpaka lero ojambula amati Wood effect, ndipo ambiri amayesa dzinali likunena mitengo pamene ndi dzina la munthu. Chifukwa chake n'chakuti tsamba lamoyo limamwa kuwala kofiira ndi kwa buluu popanga chakudya, koma infrared sililabadira: imalowa, n'kugunda timaselo ta mkati mwa tsambalo, n'kubwerera yambiri. Thambo limada poti mpweya umamwaza kwambiri kuwala kwa buluu koma infrared pang'ono chabe. Madzi nawo amada chifukwa amaimeza.

Asilikali anaona phindu lake pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse: penti wobiriwira amanamiza maso, koma pa filimu ya infrared amasiyana ndi masamba enieni. Filimu ya Kodak yotchedwa Aerochrome, imene inachokera ku ntchito imeneyi, inkasandutsa masamba kukhala a pinki ikagwiritsidwa ntchito ndi fyuluta yachikasu. Ndi imene Richard Mosse wa ku Ireland anajambulira nkhondo ya kummawa kwa dziko la Congo. Kodak inasiya kuipanga mu 2009.

Mwayi wathu ndi wakuti sensa ya kamera ya digito, ngakhale ya m'foni, imamva kuwala mpaka cha m'ma 1,100 nanomita. Opanga makamera amaika kagalasi kotchinga infrared kutsogolo kwa sensayo kuti mitundu izituluka bwino, koma kagalasiko sikatchinga yonse. Ina imadontha ndithu. Ntchito ya fyuluta yakuda ija ndi yosefa: imatseka kuwala kumene timaona, n'kusiya kodonthako kokha kuti kujambule. Ndipo pasakhale kusokoneza, izi si zija za makamera oona kutentha kwa thupi mumdima. Amenewo amagwira mafunde aatali kwambiri. Zathuzi zimafuna dzuwa, ndipo lambiri.

Msuzi wa mang'ina

Tsiku limene ndinakatenga envelopu ija, amalume anali kuseri akumeta ndevu. Ine ndi phuma langa ndinasolola kapepala kaja ndi zala, monga mmene tingasololere khadi ya mayunitsi. Kunja kunali kutentha kwa mvula ili pafupi, m'manja muli thukuta. Nditakayang'ana chopendeka ndinaona chidindo cha chala changa chachikulu pakona. Ndinati zazing'ono izi. Ndinanyowetsa nsonga ya malaya n'kupukuta, ngati mmene timachitira ndi sikirini ya foni. Pamalopo panafufuma, panachita makwinya, ndipo utoto wina unatsalira pa malaya.

Amalume anatulukira thaulo lili paphewa.

"Wachita chiyani iwe?"

"Pepani malume, ndimangopukuta."

"Ndi madzi?"

"Pang'ono chabe."

Anakalandira ndi nsonga za zala, atagwira m'mphepete mokha, n'kukayang'ana nthawi yaitali. "Zaka zonsezi kali bwinobwino m'thiranki, iwe mphindi ziwiri basi. Safunsa anadya phula. Kodi msuzi wa mang'ina umaudziwa mmene umaundanira ukagona m'poto? Jelatini ndi yemweyo."

Sananame. Jelatini amachokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Popanga fyuluta amasungunula jelatiniyo, kuthiramo utoto woyezedwa bwino, kumuyala pagalasi losalala kuti aume, kenako kumumatula. Chimatuluka ndi chipepala chochindikala pafupifupi mamilimita 0.1. Dzina loti Wratten ndi la Frederick Wratten wa ku England, amene kampani yake ya Wratten and Wainwright inagulidwa ndi Kodak mu 1912, ndipo manambala ake ojambula akugwiritsabe ntchito. Nambala 25 ndi yofiira wamba. Nambala 89B imayamba kulola kuwala cha m'ma 720 nanomita, ndipo ndi yofanana ndi fyuluta yagalasi ya Hoya R72. Nambala 87 ndi yakuda kuposa pamenepo, imalola bwino cha m'ma 800, ndipo 87C ndi yakuda koposanso. Fyuluta ikamaderadera, masamba amayererayerera, koma nthawi yojambula imatalikanso.

Kupyapyalako ndiye ubwino wake. Sikasokoneza kuthwa kwa chithunzi, kamadulika ndi sizasi, ndipo kamalowa pamalo pamene galasi silingalowe. Koma ndi kumenekonso kuli tsoka lake. Madzi amakafufumitsa, kutentha kumakapinda, chala chimasiya chidindo chosafufutika, ndipo chinyezi chimabweretsa chuku. Ndiye taonani vuto lathu kuno: masamba amakhala pachimake nthawi ya dzinja, pamene mpweya uli chinyezi chokhachokha. Nyengo yabwino ya chithunzi ndi yomweyo imene imapha fyuluta.

Kudula ndi kumangirira

Mwamwayi ndinawononga kona imodzi yokha. Amalume anayala nyuzi patebulo, anasamba m'manja n'kupukuta mpaka gwa, n'kundiuza kuti ndingoyang'ana. Anaika fyuluta ija pakati pa mapepala awiri oyera. Papepala lapamwamba anajambula mzere wozungulira ndi pensulo, mosakanikiza, kutali ndi kona yowonongekayo. Kenako anadula zonse zitatu pamodzi ndi sizasi yakuthwa. Chala sichinakhudze jelatini ngakhale kamodzi. Tizidutswa totsala anatibwezera mu envelopu, akuti tidzagwira ntchito pa foni.

Malo omangirirapo fyuluta yotere alipo anayi, ndipo aliwonse ali ndi zake.

Oyamba ndi kutsogolo kwa lenzi, ndipo n'kumene ife tinasankha. Amalume anatenga fyuluta yakale yagalasi loyera ya mamilimita 52, ija imangoteteza lenzi, anamasula karing'i kamene kamapana galasilo, anagoneka jelatini kumbuyo kwa galasi, n'kubwezera karing'iko mosathina. Motero galasi limayang'ana kunja n'kumalandira fumbi ndi madontho, jelatini ali mkati. Ngati mulibe chotere, dulani makatoni awiri opyapyala, muboole pakati, mupanire jelatini pakati pawo ngati chithunzi m'felemu, n'kumata m'mphepete ndi tepi yakuda. Tepiyo igwire katoni, isafike pamalo podutsa kuwala. Chofunika kwambiri n'chakuti pasakhale mpata m'mbali. Kuwala wamba kukangolowa pang'ono kumaposa mphamvu infrared yonse ija, chithunzi chimachita ngati mwajambula m'chifunga. Jelatiniyo akhalenso wowongoka, chifukwa akapindika amanyezimira.

Achiwiri ndi kumbuyo kwa lenzi. Malenzi ena oona patali m'mbali ali ndi galasi lotukuka kutsogolo moti fyuluta singamangike, choncho opanga anaika kampata kumbuyo kolowetsamo kachidutswa ka jelatini. Canon EF 17-40mm f/4L nayo ili ndi kampata kotere, ngakhale kuti iyo imalolanso fyuluta kutsogolo. Apa kupyapyala kuja kumathandiza zedi, pakuti chilichonse choikidwa kumbuyo kwa lenzi chimasuntha fokasi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwake. Pa jelatini kusunthako n'kosaoneka, pomwe galasi lochindikala lingasokoneze zonse. Ubwino wina ndi wakuti kachidutswa kake n'kakang'ono. Koma fumbi ndi zokala zimaoneka msanga kumbuyoko, ndipo ngati lenzi yanu ilibe kampatako musamatemate mwachisawawa, kangamatuke n'kugwera mkati mwa kamera.

Achitatu ndi a amene akujambulabe ndi filimu, monga Rollei Infrared 400. Ena amamata jelatini mkati mwa kamera, pakawindo kamene filimu imadutsa. Akatero poyang'anira pamakhala powala bwinobwino chifukwa fyuluta ili kuseri kwa kalilole, ndiye munthu amatha kuona chimene akujambula. Kuipa kwake, filimu yonse yapita ku infrared, ndipo tepi ikamatuka ingakole shata n'kupha kamera.

Achinayi ndi pa fulashi. Mukaphimba fulashi ndi nambala 87, imawala koma anthu saona kanthu, kapena amangoona kufiira pang'ono. Wojambula wa ku New York wotchedwa Weegee ankajambula anthu oonera kanema mumdima m'zaka za m'ma 1940 ndi fulashi ya infrared. Mukafuna kuyesa, siyani mpata pakati pa fulashi ndi jelatini, ndipo musawalitse motsatizana. Kutentha kumamupsereza.

Nanga pa foni?

Ndikudziwa, ambiri mwafika pano mukuti ife tili ndi foni basi. Yambani ndi rimoti ya TV. Lozetsani kutsogolo kwake ku kamera ya foni m'chipinda chamdima, n'kudina batani. Kagetsi ka rimoti kamatulutsa infrared ya cha m'ma 940 nanomita. Mukaona kuthwanima kwa pepo kapena koyera pasikirini, ndiye kuti kamera yanu ikudontha. Yesani yakumbuyo ndi ya selfie yomwe, chifukwa pa mafoni ambiri ya selfie ndi imene imaona kwambiri. Kuthwanima kukakhala kofooka, nambala 87 ikuvutitsani, bola 89B.

Kumangirira kwake n'kosavuta. Dulani kachidutswa kokulirapo pang'ono kuposa diso la kamera, mukaike mkati mwa kava ya foni pabowo la kamera, n'kubwezera foni kuti ikapane. Mafoni a makamera awiri kapena atatu ali ndi khalidwe lina: akaona kuti diso limodzi lada, amasamukira okha ku linzake. Mukaona chithunzi chili bwinobwino ngati palibe fyuluta, chachitika n'chimenecho. Phimbani maso onse, kapena lowani mu Pro mode. Tsamiritsani foni pachinthu chosagwedera, ikani ISO pansi, talikitsani nthawi, ndipo mugwiritse ntchito timer kuti chala chisaigwedeze.

Mukamaliza, chotsani. Ine kachidutswa kanga koyamba ndinakaiwala m'kava, foni ili m'thumba la jinzi, m'minibasi yodzaza mvula ikugwa kunja. Pofika ku Bvumbwe kanali katapindika ngati tsamba la fodya.

Fyuluta ya Wratten sindinaione m'masitolo amene ndinayendamo mu Blantyre, ndiye pali njira zina. Lee imapanga nambala 87 ya polyester, imene siopa chinyezi ngati jelatini. Yagalasi ya Hoya R72 ndi yolimba koposa, kungoti siduliwa. Koma njira yaulere ili m'mabokosi a makolo athu. Funani manegativu akale a zithunzi zamitundu, muone kunsonga kwake kumene kunada bii. Kumeneko ndi utoto uli mu jelatini, ndipo umalola infrared kudutsa. Sanjikizani tizidutswa tiwiri. Negativu ya black and white siigwira, chifukwa kuda kwake ndi kwa siliva, amene amatchinga zonse. Chithunzi chake sichingafanane ndi cha Wratten, koma masamba oyera muwaona.

Machenjezo awiri. Choyamba, musayang'ane dzuwa kudzera m'fyuluta imeneyi ngakhale kwa kamphindi. Diso limaona mdima n'kutseguka kwambiri, pamene infrared ikulowa yonse, ndipo lingapse inu osamva kanthu. Chachiwiri, nsalu zina zopyapyala zimalola infrared kudutsa. Mu 2020 kampani ya OnePlus inachita kuzimitsa kamera ina pa foni ya OnePlus 8 Pro anthu atadandaula za zimenezi. Jambulani mitengo, mapiri ndi minda. Munthu mum'pemphe kaye.

Tsiku la mtengo

Ndinafika kumudzi kumapeto kwa Januwale, odula atapangana kale ndi amayi kuti abwera Lolemba. Loweruka inagwa tsiku lonse. Fyuluta ndinaisunga m'kontena ya chakudya yotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi tija ta silica gel timapezeka m'mabokosi a nsapato. Usiku ndinkangomvetsera malata.

Lamulungu pobwera kutchalitchi kunayera. Ndinatenga Nikon D70 yanga, kamera ya 2004 imene ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito. Ojambula infrared amaikonda chifukwa kagalasi kake kotchinga n'kofooka. Lenzi inali ya amalume, ya 28mm, yopotokola ndi dzanja. Ndinaimika tripod kumunda kwa chimanga, dzuwa lili kumsana kwanga, kuti masamba alandire kuwala konse.

Ndondomeko yake ndi iyi. Umayamba wakonza chithunzi fyuluta isanamangidwe, chifukwa ikangomangidwa poyang'anira pamada. Ukapeza fokasi, umasuntha pang'ono. Infrared sikumana pamalo amodzi ndi kuwala wamba ikadutsa m'galasi, n'chifukwa chake malenzi akale ali ndi kadontho kofiira pambali pa mzere wa fokasi. Nambala imene inali pamzere umaipititsa pakadonthopo. Ndinaika f/8 kuti kuphonya pang'ono kusaoneke. Kutseka kwambiri kuposa apo kumakulitsa vuto la malenzi ena, loti pakati pa chithunzi pamawala ngati tochi. White balance ndinaiyezera pa udzu wowala dzuwa, fyuluta ili pomwepo, kuti chithunzi chisafiire chonse. Poyang'anira ndinaphimbapo ndi kansalu kakuda kuti kuwala kusalowere kumbuyo.

Choyamba chinada. Chachiwiri chinachita chifunga mbali imodzi, ndipo nditayang'ana ndinapeza kuti jelatini wasuntha pang'ono, wasiya kampata ngati chikhadabo. Ndinathamangira m'nyumba, ndinamasula karing'i, ndinamukankha ndi nsonga ya pepala, manja akunjenjemera poti wina ndinalibe. Pobwerera mitambo inali itayamba kuunjikana chakummwera. Ndinaika masekondi 4 pa ISO 200, n'kudikira mphepo ipume. Mwa zithunzi 11 zimene ndinajambula madontho asanayambe, ziwiri zinagwira.

Pasikirini mtengo uja unali woyera kuyambira kunsonga mpaka kunthambi za m'munsi, thunthu lili lakuda, thambo lili bii, chimanga chikuwala ngati thonje. Nthambi imodzi ya kumanzere inatuluka yotuwa, yosawala ngati zinzake. Titapita kukaiona tinapeza masamba ake ayamba kufota, chinthu chimene pamaso sitinachizindikire.

Amayi anapukuta manja pachitenje, analandira kamera, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. "Mtengo wachita imvi ngati mwini wake," anatero. Kenako anaitana azakhali kuti adzaone.

Lolemba odula anabwera monga anapangana. Chithunzi ndachichapitsa, chili pabalaza pamwamba pa wailesi. Fyuluta ndinabweza kwa amalume ili m'kontena yake ija, ndipo poilandira anayamba aipendeketsa padzuwa kufufuza zala zanga. Sanapeze chatsopano.

Ngati kwanu kuli thiranki ya wojambula wakale, kapena envelopu ya manegativu a ukwati wa makolo, kafufuzeni masamba asanayambe kuuma. Musambe m'manja, mupukute mpaka gwa, mugwire m'mphepete mokha. Fumbi likakhalapo, lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma, osapemerera ndi pakamwa poti mpweya wathu uli ndi chinyezi. Mukajambula, titumizireni tione, ngakhale zitakhala zija zachifunga. Mwezi wamawa tikambirana za kukonza zithunzi zimenezi pa foni ndi Snapseed.